Chitsulo cha m'kamwa mwa hatchi si mabuleki

Hatchi ikayamba kukoka zingwe, kuthamangira chodumpha ngati yaona moto kumbuyo, kapena kupukusa mutu wokwera akafuna kuti iime, mawu oyamba kumveka pakhola amakhala akuti, "Bwana, chitsulochi chikuchepa mphamvu, tiike china." Chinacho chimakhala cha mikono yaitali m'mbali, kapena cha tcheni pansi pa chibwano, kapena chopyapyala ngati waya. Sabata yoyamba hatchi imamveradi, aliyense n'kusangalala. Pofika mwezi yayambiranso kukoka, ndipo tsopano ikukoka m'kamwa muli zilonda.

Okwera mahatchi kuno ku Zomba ndi owerengeka, ngakhale mumzinda muno muli kalabu ya Gymkhana, dzina limene kwa Angerezi limatanthauzanso mpikisano wa masewera a pahatchi. Zida zawo sizipezeka pamsika waukulu monga zimapezekera zishalo za njinga. Zimachita kuitanitsidwa kunja kapena kupezedwa zogwirapo kale ntchito, ndiye chitsulo chimene chili m'bokosi ndicho chimalowa m'kamwa mwa hatchi, kaya chikukwana kaya ayi. Ine ndikuti chitsulo cha m'kamwa, chimene okwera amangochitchula kuti bit, ndi cholankhulira ndi hatchi. Choyenera ndi chofatsa kuposa zonse zimene zikukwana pakamwa pa hatchi imeneyo ndi m'manja mwa wokwera ameneyo, ndipo ndalama yoyamba iyenera kupita ku mano chitsulo chatsopano chisanaganizidwe n'komwe.

Kwezani milomo ya hatchi muone. Kutsogolo kuli mano 12 odulira udzu, kumbuyo kuli 24 otafunira. Pakati pa magulu awiriwa pali mpata wopanda mano, ndipo chitsulo chimagona pamenepo, pamwamba pa lilime. Gwirani ndi chala usinini wa mumpatamo, kunsagwada ya m'munsi. Mupeza fupa lokutidwa ndi kakhungu kopyapyala, lopanda mnofu wolitchinjiriza, ngati msongolo wa munthu. Amene anagundapo msongolo pa pedulo ya njinga akuudziwa ululu wake. Malo amenewa akamapwetekedwa kawirikawiri amachita zipsera, nthawi zina fupa lenilenilo n'kumera kachotupa kolimba, ndipo hatchi imaleka kuyankha kukoka kwapang'ono. Ndiyo imene anthu amati ndi youma pakamwa. Anaiumitsa ndi anthu.

Mano a hatchi amapitiriza kutuluka mamilimita 2 kapena 3 pachaka uku akutha ndi kutafuna. Nsagwada ya m'mwamba ndi yotambalala kuposa ya m'munsi, choncho m'mphepete mwa mano simutha mofanana: a m'mwamba amasongoka chakunja, kutsaya, a m'munsi amasongoka cham'kati, kulilime. Mukakoka chingwe, mphete ya chitsulo ndi lamba wa pamphuno zimakanikiza tsaya pa nsonga zimenezo. Hatchi yopendeketsa mutu, yokana kukhotera mbali imodzi, kapena yolavula timibulu ta udzu wotafunatafuna pansi pa chodyeramo ikufuna tupa. Dokotala wa ziweto wodziwa mano a hatchi aziiona kamodzi pachaka n'kupala nsongazo, ngakhale zitatengera kumuitanitsa kuchokera kutali. Eni mahatchi angapo angathe kusonkherana ulendo umodzi. Hatchi yaing'ono, kuyambira zaka ziwiri ndi theka mpaka zisanu, izionedwa miyezi 6 iliyonse, chifukwa imakhala ikuguluka mano aubwana, ndipo ndi nthawi yomweyonso timayamba kuiphunzitsa chitsulo. Kuli timano tina ting'onoting'ono totchedwa wolf teeth, timene timamera mwa mahatchi ena kutsogolo kwenikweni kwa mano otafunira, makamaka a m'mwamba, pomwe chitsulo chimagunda chikakokedwa. Tina timabisala pansi pa nkhama, tosaoneka koma towawa. Dokotala ndiye angaone ngati tikufunika kuzula, ndipo akazula, m'kamwamo musalowe chitsulo mpaka papole, kawirikawiri sabata imodzi kapena ziwiri. Hatchi yamphongo ilinso ndi mano osongoka mumpata muja, otuluka ikafika zaka 4 kapena 5. Chitsulo chikalendewera chimawagogoda.

Mano akakhala bwino, yezani pakamwa. Tengani kamtengo kosalala konenepa ngati chala, kaikeni pomwe chitsulo chimagona, dikirani hatchi ileke kutafuna, lembani pamene milomo yathera mbali zonse ziwiri, muyeze ndi lula. Mahatchi ambiri a msinkhu wapakati amakwana mainchesi 5 kapena 5.5, ndiye kuti mamilimita pafupifupi 125 kapena 140, pamene ang'onoang'ono aja otchedwa pony amatsika mpaka 4.5 kapena 4. Chitsulo cha m'mbali mosasuntha chizikhudza milomo mosaipana. Cha mphete zozungulira chisiye mpata wa mamilimita 5 mbali iliyonse, kuti khungu la mlomo lisalowe pabowo pomwe mphete imadutsa. Chachifupi chimapana. Chachitali chimatsetsereka uku ndi uku, mfundo yake n'kuchoka pakati pa lilime kukagwera pa usinini, ndipo pamene zida zili zobwerekana vuto ili ndi losavuta kulipeza: chitsulo cha hatchi yaikulu chili m'kamwa mwa ka pony ka ana.

Za kunenepa kwake, akale ankaphunzitsa kuti chonenepa ndiye chofatsa. N'zoona mbali imodzi. Chopyapyala chimaunjika mphamvu pamalo ochepa, monga waya wa ndowa amadulira m'manja pamene chogwirira chonenepa sichidula. Koma m'kamwa mwa hatchi mulibe malo ambiri, lilime limadzazamo. Lowetsani chala chamkombaphala ndi chapakati, china pamwamba pa chinzake, mumpata muja pakamwa pali potseka. Mukamva zala zikupanika, musapitirire mamilimita 14 mpaka 16. Zikakhala momasuka, 16 mpaka 18 ndi bwino. Chija cha labala chonenepa ngati mpini, chimene eni achifundo amachikonda, chimalepheretsa hatchi yochepa malo kutseka pakamwa ndi kumeza malovu, ndipo imayasamula ulendo wonse mwini wake akudabwa.

Pochimanga pa zapamutu, m'ngodya za milomo muoneke khwinya limodzi kapena awiri, ndipo mabowo a malamba a m'masaya afanane mbali zonse. Chikatsika, hatchi imadutsitsa lilime pamwamba pake, chitsulo n'kutsala chikugaya usinini popanda chotsamira. Chikakwera, ngodya zimang'ambika ndipo hatchi simvanso kusiyana pakati pa kukoka ndi kumasula, poti chikukoka kale. Onaninso kuti sichinalowe chozondoka. Mikono yake ndi yokhota pang'ono, ndipo mbali yolowa m'kati ya kukhotako ndiyo igone pa lilime.

Tsopano mitundu. Snaffle ndi chitsulo chilichonse chimene chingwe chimamangidwa pamphete molunjika ndi pakamwa, popanda mkono woonjezera mphamvu. Zimene dzanja lakoka ndi zomwezo zikufika m'kamwa. Cha mfundo imodzi pakati, chofala kuposa zonse, chimapindika mukakoka zingwe zonse ziwiri, n'kupana m'mbali mwa lilime ndi usinini ngati pulayala, ndipo kwa hatchi yochepa malo mfundoyo ingathe kugunda chakumwamba m'kamwa. Yankho la hatchi ndi kuyasamula ndi kuponya mutu m'mwamba. Cha mfundo ziwiri, chokhala ndi kachitsulo kobulungira ngati njere ya mtedza pakati, kamene amati lozenge, chimagona motsata lilime ndipo sichipana choncho. Pali china cha kambale kaphanthiphanthi pakati chotchedwa French link, ndi chinzake chofanana nacho, Dr Bristol, chomwe kambale kake ndi kotalikirapo ndipo kanaikidwa mopendekeka. Ichi chimawerengedwa m'gulu la zaukali, koma pachithunzi cha pa intaneti kusiyana kwake sikuoneka ndipo wogula amapusitsika. Cha mullen mouth chilibe mfundo, ndi chokhota pang'ono, chimakhala phee pa lilime. Chimathandiza hatchi yamantha ndi zogwederagwedera m'kamwa, koma ina imaphunzira kuchitsamira, ndipo chingwe cha kumanja sichilankhula pachokha bwinobwino popanda kugwedeza kumanzere. Zopotokola ngati chingwe ndi za waya sindiziwerengera n'komwe. Zimagwira ntchito popweteka basi.

M'mbali namo muli nkhani. Mphete zozungulira, loose ring, zimalola chitsulo kusewera, hatchi n'kumatafuna pang'onopang'ono, ndipo n'kovuta kuti ichitsamire. Eggbutt imakhazika chitsulo malo amodzi ndipo sipana milomo. D-ring ndi full cheek zili ndi mbali zowongoka zimene zimakankha tsaya la tsidya linalo mukakoka chingwe chimodzi, choncho hatchi yosadziwa kukhota imamva msanga, komanso chitsulo sichisololoka kudutsa m'kamwa. Full cheek ili ndi ngozi yake: nyanga zake zimakola pa waya wa mpanda, pa chopondera kapena pa lamba wa munthu hatchi ikamadzikanda mutu. Timalamba tating'ono togwiriziza nyanga za m'mwamba tiikidwe, ndipo hatchi yovala chimenechi isasiyidwe yokha.

Kwa hatchi yongoyamba kumene, ine ndimasankha full cheek kapena D-ring ya lozenge, ya mamilimita 14 mpaka 16, ya chitsulo chosachita dzimbiri. Masiku oyamba ichivale mphindi 10 kapena 15 popanda zingwe, wina akuiyang'anira. Poizungulitsa pa chingwe chachitali, chingwecho chimangidwe pamphuno, osati pachitsulo. Kenako, mutaima pansi pambali pake, gwirani chingwe chimodzi ndi zala, mukoke pang'ono n'kudikira. Ikangopereka mutu ngakhale pang'ono chabe, masulani pomwepo. Kumasulako ndiye phunziro lake. Hatchi imabwereza chimene chachotsa kupanikizika, ndiye mukachedwa kumasula, kapena mukamasula pamene ikulimbana nanu, mwaiphunzitsa kulimbana. Pamsana ndi chimodzimodzi: khalani mwakuya pachishalo, lankhulani, fumbatani zala, ikachepetsa liwiro tambasulani zala. Kuyenda, kuima, kuyenda, kuima, maulendo 20 kapena 30 pa phunziro limodzi. N'zotopetsa kuonerera, ndipo ndi chifukwa chake ambiri amathamangira ku bokosi la zitsulo. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chinyezi cha kuphiri kuno chimasankhanso chitsulo. Chosachita dzimbiri chimapirira nkhungu ndi mvula ndipo sichivuta kutsuka. Chija chotchedwa sweet iron chinapangidwa kuti chizichita dzimbiri lopepuka limene mahatchi ambiri amalikonda kukoma kwake, koma chikaiwalika m'chipinda chonyowa dzinja lonse chimadyeka n'kuyamba kukanda. Zosakaniza ndi mkuwa zimafunda msanga m'kamwa, kungoti n'zofewerapo, mfundo zake zimatha msanga. Za labala ndi za pulasitiki zikatafunidwa zimasongoka ngati chibonga chong'ambika, ndipo ziyenera kutayidwa tsiku lomwelo. Chenjerani ndi zotsika mtengo zonyezimira, zongokutidwa utoto wachitsulo pamwamba: chikomekome cha mkuyu. Chokutiracho chimasupuka n'kusiya m'mphepete mocheka lilime, ndipo chitsulo cham'kati chingathe kupindika kapena kuthyoka hatchi ili pa liwiro. Owotcherera zitsulo athu ndi aluso pa mageti ndi mafelemu a mawindo, koma chitsulo cha m'kamwa chothyoka chisapite kwa iwo, ndipo asapemphedwe kupanga china ndi zitsulo zomangira nyumba. M'mawa wa June ndi July, chiperoni chitakuta phiri, chifumbateni m'manja kwa mphindi imodzi chisanalowe m'kamwa. Hatchi zina zokana kutsegula pakamwa m'nyengo yozizira zikukana kuzizirako.

Hatchi ikamayasamula, ambiri amamangitsa lamba wa pamphuno kuti itseke. Kumeneko n'kutseka pakamwa mwana amene akulira chifukwa cha minga kuphazi. Lamba wamba akhale zala ziwiri m'munsi mwa fupa lotukuka la patsaya, ndipo zala ziwiri zizilowa pakati pa lambayo ndi fupa la pamwamba pa mphuno, osati m'mbali momwe muli mnofu wofewa wonamiza. Bungwe loyendetsa masewera a mahatchi padziko lonse, FEI, linayamba m'chaka cha 2025 kuyeza kuthina kwa lamba ameneyu pamipikisano yake ndi kachipangizo kolowetsa pamalo omwewo, chifukwa zala za anthu zinkasiyana kunenepa malinga ndi amene akuyeza.

Pakudumpha ndi pamene zitsulo zaukali zimagulidwa kwambiri, ndipo ndi pamenenso zimawononga kwambiri. Hatchi imadumpha ndi khosi. Poyandikira chodumpha imakweza mutu kuti ione bwino kutalika kwake, ponyamuka imatambasula khosi kutsogolo ndi pansi kuti msana ukhote, potera imalikwezanso. Wokwera akatsalira m'mbuyo n'kudzigwiriza pa zingwe ali m'malere, thupi lake lonse limagwera pa usinini uja. Hatchi ikamenyedwa m'kamwa motero kangapo imasankha chimodzi mwa zitatu: kukana, kudumpha msana uli gwa miyendo yakumbuyo n'kumagwetsa mapolo (mitengo yodumphayo), kapena kuthamanga kuti zowawazo zithe msanga. Yachitatuyi ndi imene imanamiza anthu. Amati hatchi ikukonda kudumpha, yachuluka mphamvu, ndiye amaika chitsulo chowawa kuposa choyamba pa hatchi imene ikuthawa ululu.

Chofunika apa ndi lamba wa m'khosi, ngakhale lamba wakale wa chopondera, womangidwa momasuka kutsinde kwa khosi kuti wokwera alowetsepo zala ziwiri ponyamuka. Wophunzira atsamiritse manja pakhosi la hatchi, cha pakati, mpaka itatera. Kenako liwiro lichepetsedwe ndi mapolo, osati ndi manja. Yalani pansi mapolo a bulugamu 3 kapena 4 motalikirana mamita 1.2 mpaka 1.4 kuti hatchi idutse pa trot, kuthamanga pang'onopang'ono kuja kongoposa kuyenda. Ikazolowera, ikani chodumpha cha mapolo opingasa chotalika masentimita 40 kapena 50, ndi polo lina pansi mamita 2.4 mpaka 2.7 chisanafike. Pambuyo pake onjezani chachiwiri mamita pafupifupi 5.5 kutsogolo, kuti pakati pakhale sitepe imodzi ya canter, kuthamanga kwa liwiro loposa trot. Miyeso imeneyi ndi ya hatchi ya msinkhu wapakati. Ya pony ifupikitsidwe, ndipo munthu woima pansi aziona pamene ziboda zikuponda n'kumasuntha mapolo. Mapolo ndiwo amauza hatchi poponda, manja a wokwera n'kupuma. Ikaona chodumpha n'kuyamba kuthamanga, ikhotetsereni pa bwalo la mamita 20 kutsogolo kwa chodumphacho, izungulire mpaka liwiro litakhazikika, kenako ilowe. Ikatera isamaimitsidwe ndi chikoka chimodzi chachikulu. Ipitirire molunjika masitepe angapo, itsike ku trot, kenako iime.

Zitsulo za mikono zimagwira ntchito monga amachitira makaniko nati ikakana: amalowetsa paipi ku sipanala, mphamvu ya dzanja lomwelo n'kuchuluka. Chingwe chikamangidwa kumunsi kwa mkono, chitsulo chimazungulira m'kamwa, lamba wa kuseri kwa makutu amakanikiza pankhongo, ndipo ngati pali tcheni, nsagwada ya m'munsi imapanika pakati pa tcheniyo ndi chitsulo. Mkono ukatalika, mphamvu imachuluka, wokwera osamva m'manja mwake kuti wachulutsa. Ngozi yake ili pamenepo: hatchi imaoneka yopepuka m'manja pomwe m'kamwa zinthu zalemera.

Pelham ili ndi malo a zingwe ziwiri mbali iliyonse. Cha m'mwamba chimagwira pafupifupi ngati snaffle, cha m'munsi ndiye cha sipanala ija. Wodziwa amayenda ndi cha m'mwamba, cha m'munsi n'kumachikhudza apo ndi apo. Timalamba tolumikiza mphete ziwirizo kuti pakhale chingwe chimodzi timapeputsa ntchito ya m'manja, koma timachotsa kusiyanitsa kumene kunali phindu la Pelham. Tcheni ipotokoledwe mpaka igone phanthiphanthi m'kamseu ka pachibwano, ndipo iyambe kugwira mkono ukapendekeka madigiri 45. Ikathina imaluma popanda chenjezo. Ikalendewera, mkono umazungulira mopitirira, tcheni n'kukwera kukakhula fupa la nsagwada pamene khungu ndi lopyapyala. Pelham imakonda kupinditsa khosi, choncho kwa hatchi imene imabisa kale chibwano pachifuwa ndi tsoka: imafika pa chodumpha ikuyang'ana pansi. Kimblewick ndi mng'ono wake wa chingwe chimodzi, wa mphamvu yocheperapo, koma tcheni yake imafuna chisamaliro chomwecho.

Chija cha mphete zitatu kapena zinayi zotsikira pansi, Dutch gag, chimakopa chifukwa chimaoneka ngati snaffle wamba ndipo mumangosuntha chingwe kuchoka pamphete ina kupita pa ina. Kawirikawiri chilibe tcheni yoimitsa kuzungulira kwake, ndiye chingwe chikakhala pamphete ya pansi penipeni chitsulo chimakwera m'ngodya za milomo uku pankhongo pakukanikizika, ndipo kuwongolera kumachepa. Ngati n'kofunikadi, chingwe chimodzi chikhale pamphete yaikulu, chachiwiri pa kamphete kotsatira. Cheltenham gag, imene zingwe za m'masaya zimadutsa m'mabowo a mphete, ndi ya hatchi yoweramitsa mutu n'kukoka cha pansi, ndipo nayonso imafuna zingwe ziwiri. Hackamore ilibe kanthu m'kamwa, ndipo imathandiza pamene zilonda zikupola, koma musaiyese yofatsa chifukwa cha chimenecho. Mikono yake imapana mphuno ndi chibwano. Ikhale pa fupa lolimba, zala ziwiri kapena zitatu m'munsi mwa fupa la patsaya. Ikatsika imagwera kumapeto kopyapyala kwa fupa la mphuno ndi pa mnofu wopumira, pomwe hatchi imapuma ndi mphuno zokha.

Wina anena kuti zonsezi n'zabwino papepala, koma mtsikana wopepuka ali pa hatchi yaikulu pabwalo lotseguka angaiimitse ndi lozenge? Funso ili ndi lachilungamo ndipo sindilithawa. Pali mahatchi ophunzitsidwa bwino amene akamva mpikisano magazi amawira, ndipo kukhudza Pelham pang'ono kamodzi n'kumasula kuli bwino kuposa kulendewera pa snaffle ndi thupi lonse kuyambira chodumpha choyamba mpaka chomaliza. Snaffle m'manja oipa imavulazanso, makamaka wokwera akamaicheka uku ndi uku ngati sowo. Ndiye sindikuti chitsulo champhamvu chisakhudzidwe. Ndikuti chili ndi mitengo yake yoyenera kulipiriratu. Mano akhale ataonedwa. Msana ndi chishalo zikhale zitaonedwa, poti hatchi yowawa msana imathamanganso. Hatchi ikhale yoti pabwalo la kunyumba imatsika kuchoka pa canter mpaka kuima ili pa snaffle, zomwe zikusonyeza kuti mawu ikuwadziwa, vuto ndi chisangalalo cha tsikulo. Wokwera akhale woti angadutse mzere wa mapolo opingasa zingwe zitamangidwa mfundo pakhosi, manja ali m'chiuno, osagwedezeka. Amene sangathe zimenezi sayenera kupatsidwa sipanala ya paipi, kaya hatchi ikoke bwanji; ayenera kupatsidwa hatchi ina. Ndipo chitsulo champhamvucho chikhale cha tsiku lodumpha lokha, masiku ena onse n'kubwerera ku snaffle. Mukachivalitsa tsiku ndi tsiku hatchi imachizolowera, ndipo mukatsegulanso bokosi mupeza kuti kutsogolo kwatsala waya.

Running martingale, malamba aja ochokera pachifuwa okhala ndi mphete zodutsamo zingwe, imasintha kagwiridwe ka chitsulo chilichonse. Mphete zake zikakokeredwa m'mwamba zizifika pa linunda la hatchi. Zikafupika, chingwe chimathyokera pansi nthawi zonse ndipo snaffle yofatsa ija imayamba kukanikiza usinini molunjika. Pa zingwe pakhale timalabala totchinga mphete kuti zisakole pa zomangira za kuchitsulo. Kuphatikiza martingale yaifupi ndi gag ndi kuuza hatchi kuti kweza mutu ndi tsitsa mutu nthawi imodzi.

Mahatchi onyamula alendo m'njira za pamwamba pa phiri, cha ku damu la Mulunguzi ndi kokaonera chigwa ku Emperor's View ndi Queen's View, nkhani yawo ndi yosavuta kuweruza. Mlendo amene sanakwerepo amagwira zingwe ngati mahandulo a njinga, ndipo pamtsetse, masamba a paini akuterera kapena dothi litanyowa ndi mvula ya January, amadzikokera kumbuyo ndi zingwe zomwezo pamene hatchi ikufuna khosi lake kuti isagwe. M'kamwa mwa hatchi yotero muyenera kukhala eggbutt ya lozenge kapena mullen mouth, lamba wa m'khosi alipo, ndipo wotsogolera anene asananyamuke kuti, "Mayi, mukachita mantha gwirani lambayu, zingwe zisiyeni zilendewere pang'ono." Hatchi yosaimika popanda Dutch gag si yonyamula alendo.

Onaninso m'chodyeramo. Hatchi yokhala m'khola tsiku lonse, yodya madeya ndi chimanga chochuluka udzu uli wochepa, yokweredwa kawiri pasabata, idzakoka chitsulo chilichonse. Chepetsani za ufa, chulutsani udzu, itulutseni izikadya panja, muone ngati pakatha masabata awiri m'manja simupepuka.

Mukaganiza zosintha, sinthani chinthu chimodzi. Mukasintha chitsulo, lamba wa pamphuno ndi martingale tsiku limodzi, simudzadziwa chimene chathandiza kapena chimene chaononga. Chatsopanocho chiyesedwe pabwalo lotchingidwa, poyenda ndi pa trot, maulendo atatu kapena anayi chisanafike pa chodumpha, ndipo musakhulupirire tsiku loyamba, chifukwa hatchi yodabwa ndi ululu watsopano imakhala phee ngati yamvera. Chokwana chimadziwika ndi pakamwa potseka mosakakamiza, kutafuna kwapang'onopang'ono, kathovu kochepa m'milomo, ndi khosi lotsatira dzanja mukapereka zingwe. Thovu lochuluka lochita kuyenderera, lilime lotuluka pambali kapena lobiriwira, ndi mchira wokupizakupiza pamene palibe ntchentche ndi zizindikiro za hatchi yosautsidwa.

Mukatsika, musanaipatse udzu, kwezani milomo mbali zonse ziwiri pamalo owala. Yang'anani m'ngodya, usinini, m'kati mwa masaya ndi pachibwano pomwe tcheni imagona. Pofiira, potupa kapena pong'ambika pakaoneka, chitsulo chichoke mpaka papoleretu, hatchi izigwira ntchito pa chingwe chachitali chomangidwa pamphuno. Chitsulocho chitsukidwe ndi madzi nthawi yomweyo, chifukwa malovu ndi udzu zikaumirapo zimakhula ngati sandipepala. Kenako chiyendetseni pa khungu la m'kati mwa mkono wanu, mugwedeze mfundo ndi mabowo a mphete. Bowo likakula n'kusongoka m'mphepete, kapena mfundo ikadyeka n'kupyapyala, chitsulocho chatha ntchito, ngakhale chinachokera ku Johannesburg pa mtengo wotani.